Umboni Umene Ndinakana Kupereka pa Imfa za ku Katsekwe

Ana anga Chisomo, Limbikani ndi Tiyanjane, za ubwana wanga ndi za kusukulu ndinakusimbirani kale pakamwa, sindizibwereza. Mutu uno ndi wa ntchito yanga ya upolisi. Ndafulumira kuulemba chifukwa cha kanema uja amene nonse mwaonera pa mafoni anu, mmene mai wanu akuoneka ataima m'dambo ngati munthu wosokera. Zimene anaonetsa m'menemo ndi zidutswa chabe. Nkhani yonse nayi, monga ndikuikumbukira ine Esinati Daka.

Kapata, ndisanakwatiwe

Nditamaliza maphunziro a upolisi ananditumiza kuno ku Chipata, ndipo ntchito yanga yambiri inali ya ku msika wa Kapata. Milandu yake inali ya nkhuku zobedwa, ndewu za pamowa, ana osokera, ndi amuna omenya akazi awo pakutha pa mwezi. Apolisi aakazi tinali ochepa kwambiri moti nsapato za phazi lathu kunalibe. Chaka choyamba ndinayenda m'majombo a mwamuna, nditapakira nyuzipepala kutsogolo kwa zala. Bwana wanga woyamba anali Sajeni Mbewe, bambo wamfupi, waukali, wosuta fodya wopichira yekha. Sankayamikira munthu. Ukamubweretsera lipoti ankaliwerenga milomo ikugwedera, n'kukufunsa kuti, "Izi waona kapena wamva?" Ukati wamva, ankakubweza kuti ukaone. Ndinkadana naye kwambiri, koma pa maliro ake ndinalira kuposa abale ake ena.

Atate anu ndinakumana nawo komweko, atabwera kudzadandaula kuti awabera njinga. Njingayo sinapezeke. Iwo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo titakwatirana, Chisomo ndi Limbikani atabadwa, anawatumiza ku Chipangali kukathandiza alimi a thonje. Ndinapempha kuti nanenso andisamutsire komweko. Anzanga anandiseka kuti ndikupita kukalondera mbuzi.

Chipangali, chaka chimene Limbikani anayamba kuyenda

Polisi yathu inali nyumba ya zipinda ziwiri imene kale ankasungiramo feteleza, ndipo fungo lake silinachoke. Chipinda china chinali ofesi, china chitokosi. Mkulu wathu anali Inspekita Shawa, munthu wofatsa, wodwala shuga, amene ankangoyembekeza penshoni. Galimoto tinalibe. Dera lonselo tinkaliyenda pa njinga imodzi, ndipo wailesi yolankhulirana ndi akuluakulu ku boma inkagwira ntchito batire likafuna. Komabe zaka zoyamba zinali zabwino. Anthu ankanditchula kuti "Amai Kapokola," kutanthauza mai wapolisi, ndipo akazi amene ankachita manyazi kufotokoza mavuto awo kwa apolisi aamuna ankanditsatira kunyumba ndikuchapa.

Mnzanga wapamtima kumeneko anali Velonika Njobvu. Tinali mu mphakati umodzi ndi m'kwaya imodzi ku tchalitchi. Anali wamtali, wa kuseka kokweza, ndipo ankalima tomato ndi repu pa dimba lake m'dambo la Katsekwe, kumene akazi ambiri a midzi yozungulira anali ndi madimba. Limbikani, iwe sungakumbuke, koma ndi Velonika amene ankakubereka ine ndikapita ku ntchito yakutali. Amai ake, Amai Njobvu, ankandiitana kuti mwana wawo, ndipo sindinkachoka pakhomo pawo chimanjamanja.

Woyamba kufa anali Felesiya, mmodzi wa akazi olima m'dambomo. Inali nyengo yogulitsa thonje, udzu utauma. Anachoka m'mawa kukathirira ndiwo, ndipo masana anzake anamupeza m'bango, atapotoledwa pakhosi ndi duku lake lomwe. Popeza ndinali mkazi ndekha pa polisipo, ndine amene ndinkavundukula mitembo ya akazi, ndinenso ndinkakauza makolo. Tonse tinaganizira mwamuna wake, pakuti umo ndi mmene milandu yotere imakhalira kawirikawiri. Koma mwamunayo tsiku lonse anali pa mzere wa sikelo ya thonje, anthu ambirimbiri akumuona. Tinaitana ku boma kuti atumize galimoto ndi dokotala. Anatiyankha kuti mafuta palibe. Kunali kotentha, abale anadikira mpaka anatopa, ndipo Inspekita Shawa anawalola kuika maliro. Kamera tinalibe. Malo amene anafera anapondedwa ndi mudzi wonse ife tisanafike n'komwe.

Mwezi usanathe anafa Tisauke, mai wa ana aang'ono, chimodzimodzi: masana, m'dambo lomwelo, ndi duku lake. Kenako Malita, mtsikana amene anali atangotomeredwa. Palibe amene anaberedwa kanthu. Palibe amene anaona munthu. Apa mantha anagwira dera lonse. Akazi anasiya kuvala maduku. Ku madimba ankapita m'magulu, amuna atanyamula nkhwangwa, ndipo madimba akutali anangouma. Anthu anayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Ena ankati ndi ogula thonje ochokera kutali, ena ankati ndi anyamata okonza msewu amene anamanga misasa pafupi ndi mlatho, ena ankati ndi zizimba za munthu wofuna kulemera. Ife tinkayenda khomo ndi khomo kufunsa, kubwerera madzulo mapazi atatupa, opanda kanthu.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinamugwira Velonika padzanja.

"Usapitenso wekha ku dimba, wamva?"

"Iwe Esinati, tomato wanga afe chifukwa cha chigawenga?" anatero akuseka. "Ndiwe kapokola, mugwire. Ine ndithirire."

"Ndikunena zoona."

"Chabwino, ndizipita ndi amai. Koma kheni yanga yothirira ikudontha, ndiyambe ndakakonzetsa."

Lachitatu lake Amai Njobvu anadwala malungo. Velonika anati angothamanga, abwera msanga. Ndine ndinamuvundukula. Ndinenso ndinayenda kupita kwa amai ake, ndili mu yunifolomu. Atandiona ndikutulukira pa njira sanadikire kuti ndilankhule, anangogwa pansi pamene anaimapo.

Mwezi umene anagwira Zakeyo

Imfa yachinayi inamveka mpaka pa wailesi, ndipo mafuta anapezeka. Kunabwera galimoto ndi apolisi ofufuza, mtsogoleri wawo Bwana Jere. Anali munthu wanzeru, wovala bwino, wolankhula mwachidule. Sindikufuna mumuyese chilombo. Akuluakulu ankamufunsa tsiku ndi tsiku, ndipo kunja kwa polisi kunkadzaza anthu ofuna yankho.

Anthuwo ndi amene anatchula Zakeyo Mwanza. Zakeyo ankakonza njinga ndi kukhoma ndowa pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa mudzi, pa njira yolowera kudambo. Anabwera kuchokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo, mkazi wake anamwalira, ndipo ankakhala ndi kamwana kake kakakazi dzina lake Rozaliya. Anali wachibwibwi, choncho sankacheza ndi anthu, ku mowa sankapita. Mkazi aliyense wopita ku dimba ankadutsa pamaso pake. Apolisi aja atasecha m'nyumba mwake anapeza kheni ya Velonika, ili ndi dzina lake lolembedwa ndi penti.

Ndinauza Bwana Jere kuti Velonika anandiuza yekha zoti akakonzetsa kheniyo. Anandiyankha kuti, "Ndiye kuti anapita kwa iye. Zikomo, Konstebo, mwatithandiza." Ndipo zinali zoona, mawu angawo akanatha kumuombola kapena kumumanga.

Anamufunsa Zakeyo mafunso m'chitokosi, chitseko chotseka. Ine ananditumiza kukayang'anira anthu kunja, koma makoma a nyumba ya feteleza ndi opyapyala. Sindilemba zimene ndinamva. Mawa lake Bwana Jere anandiitana mu ofesi, Inspekita Shawa atakhala pakona, atazolika.

"Munthu uja wavomera zonse zinayi," anatero Bwana Jere. "Koma kukhoti adzati anyamata anga anamukakamiza. Pakufunika mboni ya pano, imene anthu amaikhulupirira. Inu mudzanena kuti munalipo, munamva akuvomera mwa kufuna kwake."

"Bwana, ine kunalibe. Ndinali kunja."

"Lowani tsopano, mukamve. Abwereza."

Ndinalowa ndekha ndi kapu ya madzi. Zakeyo anali atakhala pansi, atatsamira khoma, diso limodzi litatsekeka, milomo itatupa. Ndinagwada ndi kumumwetsa. Ndinamufunsa ngati ndi iye anapha Velonika. Anati, "E-e-eya, bwana." Felesiya? "Eya." Ndinamufunsa kuti anamupeza pati Malita, anavala chiyani. Anangondiyang'ana, kudikira kuti ndimuuze yankho. Pamenepo ndinamufunsa kuti, "Nanga ng'ombe yanga ija inasowa, ndinu munaba?" Ine ng'ombe sindinakhalepo nayo. Anati, "Eya, bwana. N-n-ndine." Kenako anafunsa ngati Rozaliya wadya.

Ndinatuluka ndi kupempha Bwana Jere kuti andipatse mpaka mawa. Masiku amenewo mlandu wakupha chilango chake chinali chingwe. Kunyumba ndinafotokozera atate anu tili kuseri, tikumenya mpendadzuwa.

"Kodi ukuganiza kuti si iye?" anandifunsa.

"Sindikudziwa. Akhoza kukhala iye. Njira ya kudambo ili pakhomo pake, ndipo masiku onsewo palibe amene akukumbukira kuti anamuona pa ntchito."

"Nanga akamutulutsa n'kupha wina?"

"Nanga akamupachika, wakupha weniweni ali pa sikelo ya thonje akuseka?"

Atate anu anapitiriza kumenya mpendadzuwa womwe unali utatha kale njere. Kenako anati, "Ukakana, kuno sitikhalanso. Ntchito yako iima pomwepo. Koma amene akagwire Baibulo m'khoti ndi iwe, si ine. Ine ndidzamanga katundu."

M'mawa ndinaima pamaso pa Bwana Jere, ndinachita sawatcha, ndi kunena kuti, "Bwana, kukhoti ndidzanena zimene ndaona. Ndaona munthu womenyedwa amene akuvomera chilichonse, ngakhale kuba ng'ombe imene kulibe."

Sanakalipe. Anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni. "Velonika anali mnzanu, si choncho? Mukawauze nokha amai ake." Inspekita Shawa sanandiikire kumbuyo tsiku limenelo. Patapita nthawi anandipeza ndekha n'kunong'ona kuti, "Mwana wanga, ine zatsala zaka zochepa. Undikhululukire."

Zakeyo anakhala m'ndende ku boma miyezi yambiri akudikira mlandu. Rozaliya anatengedwa ndi masisitere. Kukhoti anandiitana, ndinanena zimene ndinalonjeza, ndipo woweruza anati umboni ndi wosakwanira. Zakeyo atabwerera anapeza nyumba yake ili phulusa, mtengo wa mango utadulidwa. Anatenga mwana wake n'kusowa.

Tsopano mverani chimene chandidya moyo wanga wonse. Kuchokera tsiku limene Zakeyo anagwidwa, ku Katsekwe sikunafenso mkazi. Anthu anati, "Mwaona?" Koma mwezi womwewo msika wa thonje unatsekedwa ogula n'kubwerera kwawo, okonza msewu anaphwasula misasa yawo, ndipo mvula itayamba akazi anasiya madimba n'kupita kuminda. Ndani angadziwe chimene chinaletsa imfazo?

Ku tchalitchi benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala yopanda anthu. Ku chigayo akazi ankasiya nkhani ndikafika. Chisomo, tsiku lija unabwera kuchokera kusukulu malaya atang'ambika osafuna kunena chifukwa, ndinadziwa. Ndinalimba mtima ndi kupita kwa Amai Njobvu. Ndinawapeza akusenda nshawa pakhonde. Sanandipatse mphasa.

"Amai, ndabwera kuti ndikufotokozereni."

"Usandiitane amai. Mwana wanga ankakuberekera mwana. Iwe wamumasula amene anamupha."

"Sindikudziwa ngati ndi iye."

"Ndiye ndani? Tchula."

Anapitiriza kusenda nshawa zawo, ine nditaima padzuwa, mpaka ndinatembenuka ndekha. Anamwalira patapita zaka zingapo tisanalankhulanenso, ndipo uthenga wa maliro sananditumizire.

Zaka zotsala za ntchito

Anandisamutsira kuno ku boma, ku chipinda chosungira katundu wa milandu: njinga zogwidwa, mawailesi, zikwanje za dzimbiri. Palibe amene anandiuza kuti ndi chilango. Ankangoti pakufunika munthu wokhulupirika. Amene ndinayamba nawo ntchito anakwera n'kukhala mabwana anga, ndipo usajeni ndinaupeza imvi zitayamba. Tiyanjane anabadwira kuno, atate anu anamwalirira kuno, ndipo nditapuma ndinamanga kanyumba kano ka ku Kapata. Nthawi zonse ndikamva kuti kwina kwapezeka mtembo wa mkazi, ndinkafunsa mwakachetechete kuti anafa bwanji, ndipo ngati kufupi kunali wokonza njinga. Sindinamvepo zofanana ndi za ku Katsekwe. Bwana Jere ndinakumana naye kamodzi pa chipatala, tonse titakalamba, tili pa mzere wa mankhwala. Anandipatsa moni mwaulemu n'kunena kuti, "Mai Daka, ine mpaka lero ndimati anali iye." Ndinati, "Mwina, bwana." Tinakhala pa benchi imodzi mpaka anatiitana.

Chaka chatha, anthu a kanema

Tiyanjane, iwe umakonda makanema aja a milandu yakupha imene sinathe, a kumaiko akutali, ndipo ndinkakuona ukuonera ukudya chimanga chokazinga. Sindinkadziwa kuti akwathu kuno ayamba kupanga awo. Tsiku lina pageti panaima galimoto, munatuluka mtsikana waulemu dzina lake Natasha ndi anzake onyamula makamera. Anachokera ku Lusaka. Anati nkhani ya Katsekwe anaimva kwa azakhali ake, ndipo akufuna kuti akazi anayi aja asaiwalike. Mawu amenewo ndi amene anandigonjetsa. Ndinaganiza kuti mwina wina amene anaona kanthu ali mwana, tsopano angalankhule.

Ananditengera ku Chipangali. Dambo lija lauma theka, bango anatentha, koma madimba alipobe ndipo akazi avalanso maduku. Anandiimika pamene tinapeza Velonika. Wa kamera anati ndiyende pang'onopang'ono, ndiyang'ane kutali, ndibwerezenso chifukwa dzuwa linabisala. Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinawauza za Felesiya amene ankaumba mbiya, za ana a Tisauke amene anagawidwa kwa abale, za kuseka kwa Velonika, za mafuta amene kunalibe. Kenako Natasha anandifunsa.

"Amai, pansi pa mtima wanu, mukuganiza kuti anali ndani?"

"Sindikudziwa, mwana wanga."

"Koma Zakeyo akanatha kukhala iye?"

"Akanatha kukhala iye. Akanathanso kukhala wogula thonje, kapena wokonza msewu, kapena munthu amene tinkaimba naye m'kwaya."

Kanemayo atatuluka munandionetsa pa foni. Munali nyimbo zoopsa, munali munthu wobisika nkhope akuyenda m'bango atagwira duku. Za mbiya za Felesiya munalibe. Dzina la Tisauke analakwitsa. Pa mawu anga onse aja anasiya akuti, "Akanatha kukhala iye," ndipo pomwepo anaonetsa chithunzi chakale cha Zakeyo, n'kunena kuti akumveka kuti akali moyo cha ku Mtenguleni. Pansi pake anthu amene sanapondepo ku Katsekwe ankalemba ziganizo zawo, ena akuti wapolisi uja anadyetsedwa ziphuphu, ena akupempha gawo lachiwiri. Ndinamuimbira Natasha. Anapepesa, anati nthawi inali yochepa, ndipo oonera amafuna kuti nkhani ikhale ndi kolowera. Wa kuona kanthu ali mwana sanapezeke.

Mtenguleni, mvula isanayambe

Patapita milungu ingapo kunabwera mai wina pakhomo pano, wa msinkhu wa Chisomo, atavala chitenje cha Amai Maria. Anagwada n'kunena kuti ndi Rozaliya, mwana wa Zakeyo. Ndinamupatsa mpando. Anandiuza kuti atate ake anakhala zaka zonsezi ku Mtenguleni mwamtendere, akukonza njinga, anthu akungowadziwa kuti a Mwanza. Kanemayo atafika m'mafoni a m'mudzimo, anthu anasiya kubweretsa njinga. Ana ake kusukulu akuwatchula adzukulu a chigawenga. Wina anaponya mwala padenga.

"Sindinabwere kudzakudzudzulani," anatero. "Atate akudwala, miyendo yatupa. Akuti akufuna kukuonani."

Tinakwera minibasi m'mawa mwake. Ndinamupeza Zakeyo atakhala pa mpando wa ndalema pamthunzi, mutu woyera mbuu, pambali pake pali mulu wa zitsulo za njinga zimene palibe ankazifuna. Anandizindikira msanga. Anafuna kuimirira, ndinamuletsa. Tinafunsana za moyo, za mvula, za ana. Chibwibwi chake chinali chitachepa ndi ukalamba. Kenako anauza Rozaliya kuti apite akaphike tiyi, ndipo tinatsala awiri.

"Amai Kapokola, mdzukulu wanga anandionetsa kanema uja. Ndinamva mawu anu. Ndinamuuza kuti ayi, awa awadula mawu. Amai awa ndi amene anandimwetsa madzi. Awa amadziwa kuti s-s-sindine."

"Anadula mawu anga, a Mwanza, zimenezo n'zoona."

"Ndinadziwa."

Anamwetulira, ndipo ndikanatha kusiyira pomwepo. Koma anandiyang'anitsitsa ndi kufunsa kuti, "Ndiye munkadziwa, si choncho? Kuyambira tsiku lija?"

Ana anga, ndinaganiza zonama. Anali nkhalamba yodwala, ndipo bodzalo silikanapweteka munthu. Koma m'mutu mwanga munabwera Amai Njobvu ali pakhonde paja. Iwo ndinawauza kuti sindikudziwa, n'kuwasiya afe ndi mawu amenewo. Sindikanatha kuuza mai wa Velonika china, uyu china.

"Sindinkadziwa, a Mwanza. Mpaka lero sindikudziwa."

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana manja ake.

"Nanga munakaniranji?"

"Chifukwa sindinkadziwa. Sakanakupachikani ndi pakamwa panga pa chinthu chimene sindinaone."

Nkhuku zinayamba kutola pafupi ndi mapazi athu. Kenako ananena motsitsa, osandiyang'ana.

"Zaka zonsezi, zikandivuta, ndinkati pa dziko pano alipo munthu mmodzi amene akudziwa kuti sindine. Ndinkamuuza Rozaliya ali mwana."

Rozaliya anabwera ndi tiyi ndi mbatata, akumwetulira, osadziwa zimene takambirana. Zakeyo anandisunthira mbale kuti ndiyambe ine kutenga, ndipo tinadya. Pochoka anauza mwana wake kuti andiperekeze mpaka pa msewu chifukwa njira ili ndi miyala. Ndinamugwira dzanja potsazika. Analilandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu, koma maso ake anali pa zitsulo zija.

Pa msewu Rozaliya anandithokoza. "Atate akhala akukutchulani moyo wanga wonse. Lero mtima wawo wakhala pansi." Minibasi inafika, ndipo ndinakwera.

Zakeyo anamwalira mvula yoyamba itagwa. Rozaliya ananditumira uthenga, ndinapita. Ku maliroko anthu anali ochepa, moti amuna okumba manda ndi omwenso ananyamula bokosi. Ndinakhala pamphasa pamodzi ndi Rozaliya ndi ana ake, ndipo nyimbo zitasowa woyambitsa, ndinayambitsa ine.